Galimoto Yobwereka Pakhomo pa Apongozi

Mlongo wanga wamng'ono ndinamulera ndekha, ndi mtedza womwewu ndimagulitsa pa msika wa Lundazi, choncho ndili ndi ufulu wonena kuti tsiku lokafunsira mbeta mutu wake sunkayenda bwino. Anatsala pang'ono kutaya mkazi chifukwa cha galimoto, yomwe sinali yake n'komwe.

Iye ndi dalaivala ku Lusaka. Mtsikana amene ankamufuna anali wa ku Mphamba, mwana wa bambo wina woweta ng'ombe, munthu wosaseweretsa ulemu. Mnyamata wina anabwezedwa pakhomo pomwepo chifukwa choyankha foni akuluakulu akulankhula. Mlongo wanga ankazidziwa zimenezi, ndipo mantha ndi amene anamutuma kukabwereka galimoto ya abwana ake, omwe anali atabwera kuno ku ukwati wa mnzawo. Ankaganiza kuti akatulukira nayo, aliyense asowa chonena.

Nditaiona ndinagwira pakamwa. Yofiira, yonyezimira, koma yaifupi ngati yagwada, zitseko ziwiri zokha. Amalume, amene anali thenga wotilankhulira, anakhala kutsogolo ndi suti yawo ya ku tchalitchi. Ine anachita kundipinda kuti ndilowe kumbuyo, pa kampando koyenera mphaka, maondo ali pachibwano.

Panjira anayamba kutiphunzitsa, ife osapempha. Akuti injini yake si yaikulu kwenikweni, koma ili ndi tabo. Utsi umene galimoto zina zimangotaya, iyi imayamba yaugwiritsa ntchito. Utsiwo umazunguza kachitsulo ka mapiko, ndipo kachitsuloko kamakankhira mpweya wambiri mu injini, monga momwe ndimakupizira mbaula ndi chivundikiro cha poto. Mpweya ukachuluka moto umakula, ndiye kainjini kaja kamakoka ngati chinjini.

"Nanga choipa chake n'chiyani?" anafunsa amalume, amene sakhulupirira chinthu chopanda choipa.

"Imatentha maningi, amalume. Ikasebenza mwamphamvu simuizimya pamene apo. Muisiya ilile pang'ono, oilo izungulile, tabo izizile. Mukafulumila, oilo ipselela mukati. Abwana anena kuti nikachita izo, nchito yasila."

Anawonjezanso kuti ukaiponda siyankha nthawi yomweyo, imayamba yaganiza kaye. Pa tala anationetsa. Anaponda, kunali zii, kenako msana wanga unamatirira kumpando, amalume n'kuyamba kutchula dzina la Mulungu. Koma titangosiya tala, ulemerero wonse unathera pomwepo. Mimba ya galimoto inkakhula pansi paliponse. Ngolo ya ng'ombe yonyamula fodya inatipitirira, mwini wake n'kutipatsa moni wachisoni. Mudzi ukuonekera chapafupi, tinatitimira mumchenga wa kamtsinje kouma.

Amalume anatsika kukakankha. Mlongo wanga anaponda, galimoto osasuntha. Amalume anawerama kuti aone chavuta n'chiyani, ndipo apo m'pamene tabo inamaliza kuganiza. Matayala akumbuyo anakumba mchenga n'kuwathira amalume kuyambira kumutu mpaka m'matumba a jekete. Ndinaseka, Mulungu andikhululukire, mpaka nthiti kuwawa. Tinalimbana nawo mchengawo, injini ikukuwa, ndipo pamene tinkatulukamo n'kuti galimoto yonse ikununkha chitsulo chotentha.

Tsono kwathu kuno okafunsira mbeta amafika mwakachetechete. Mumakhala pansi m'mphepete mwa bwalo, maso pansi, kudikira kuti eni khomo akuoneni. Mnyamata wofunsirayo salankhula. Galimoto yosiyidwa ikulira ndi ya munthu wofunsa njira, kapena ya venda wogula soya, amene alibe nthawi yokhala nanu. Ife tinakhala pansi mwaulemu wonse, koma kumbuyo kwathu chinthu chija chikubangula, nkhuku za eni ake zili balala.

"Kazimitse," ndinamunong'oneza.

"Asisi, ikali yotentha."

"Ndati kazimitse, ndisanakuzimitse iweyo."

Sanasunthe. Thukuta linkatsika m'khosi mwake n'kulowa m'kolala. Ndinamukwiyira kwambiri, koma ndinamumveranso chisoni. Akazimitsa, ntchito yapita. Akaisiya, mkazi wapita. Ndipo zonsezi anaziputa yekha.

Bambo wa mtsikana uja anatuluka m'nyumba atanyamula kampando, koma sanakhalepo.

"Monile."

"Yewo, adada," tinayankha tikuwomba m'manja.

Anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana ife. "Kodi alendo ndinu opitilila? Ngati mufuna njila ya ku Lukusuzi, mwaisiya kumbuyo."

Kuseri kwa nkhokwe ndinaona mtsikana uja akudziphimba kumaso ndi chitenje. Amalume, mchenga uli m'nsidze, anawombanso m'manja.

"Adada, sitili opitilila. Tabwela pano pamene. Koma chinthu ichi chili ngati ng'ombe yochoka pa joko. Simuithamangitsila ku madzi ikali wefuwefu. Ifunika ipume."

Bamboyo anagwedeza mutu pang'ono, poti za ng'ombe ankazidziwa. Kenako anafunsa funso limene tonse tinkaliopa.

"Ng'ombe yake ni ya ndani?"

Amalume anayamba kupukuta mchenga m'nsidze. Kunama pakhomo pa eni sakanatha, kuulula mwana wa mlongo wawo sakanathanso. Ine ndinayang'ana nyerere. Mlongo wanga anayenda ulendo wonsewu kuti anthu aganize kuti galimotoyo ndi yake, popanda iye kunena. Ndiye ndinamuona akugwada, iye amene mwambo sumulola kutsegula pakamwa.

"Ni ya abwana anga, adada. Ine ndine dalaivala chabe. Ananiuza kuti nisaizimye ikali yotentha, ndipo ninavomela."

Mumtima ndinati basi, zathera pano, tinyamuke tikatitimirenso mumchenga. Bamboyo anamuyang'ana kwa nthawi yaitali, galimoto ikungolira. Kenako anaika kampando pansi n'kukhalapo.

"Ngati ni ya eni ake, isiyeni ipume. Tizayembekeza."

Tinayembekezadi. Mabanja awiri, akulu ndi ana, padzuwa, popanda wolankhula, kumvetsera galimoto ikupuma. Amayi ake a mtsikana anatuluka n'kukhala pamphasa, nawonso kudikira. Mbuzi ina inapita kukanunkhiza tayala n'kubwerera. Sindinaonepo m'tchalitchi muli bata lotere. Itakwana nthawi yake, mlongo wanga anadzuka chowerama, anapita kukaizimitsa, n'kubwerera pamalo pake. M'makutu munangoti ngwee.

Bamboyo anatsokomola, n'kutembenukira kwa amalume.

"Tsopano kambani chimene mwabwelela. Koma nikuuziletu, pa ukwati musakabwele nayo. Tilibe nthawi yoiyembekeza kawili."

Amalume anali asanatchule n'komwe nkhani yathu, koma mawu oti ukwati tonse tinawamva. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kanthungululu kothawa mkamwa, kodulidwa msanga. Mlongo wanga anaweramitsa mutu mpaka pamaondo, mapewa akugwedezeka. Ndinkafuna kumutsina kuti akhale bwino pamaso pa apongozi, koma dzanja linakana, ndipo ndinamusiya alire.