Kaudzu ka m'Buku la Abambo

"Wawavula abambo ako pamaso pa anthu, galu iwe!" Amayi anakuwa choncho tisanafike n'komwe pakhomo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma mtima wapachala ndinali nawo kale. Ndinawayankha kuti ine sindinabe kanthu, akamenye wakubayo. Mbama imene ndinalandira ndimaimvabe.

Chinali chaka cha njala yaikulu ija. Abambo anali mkulu wa mpingo wathu kufupi ndi Mbulumbuzi, ndipo ndiwo ankasunga nkhokwe ya masika, chimanga ndi nandolo zimene akhristu ankapereka akakolola kuti zizithandiza amasiye. Maso awo anali atayamba kufooka, choncho Lamulungu lililonse ankaika kaudzu m'Buku pamalo oti ndiwerenge, ine n'kuimirira kutsogolo n'kuwerenga mokweza.

Tsiku limenelo ndinatsegula pa kaudzu paja osadziwa kanthu. Anali mawu a mneneri odzudzula abusa odzidyetsa okha nkhosa zikuwonda, akuti Mulungu adzawalanda nkhosazo ndi kuwaimba mlandu. Ndisanatseke Buku, abambo anaimirira. Anati mbusa ameneyo ndi iwo. Anati kuyambira mvula itakanika akhala akutapa m'nkhokwe ya mpingo kudyetsa banja lawo, uku akuuza amasiye kuti anankafumbwe anamaliza zonse.

ANachisale, mayi wamasiye amene anali atangoika kamwana kake m'manda, anadzuka n'kutuluka, osalira. Ine ndinayang'ana mikono yanga. Inali yonenepa. Anzanga pa benchi anali mafupa okhaokha, ndipo ndinali ndisanadzifunsepo chifukwa chake.

Amayi ankayesa kuti malowo ndinasankha ndekha mwa chipongwe changa. Akutola ndodo, abambo anafika n'kuwagwira dzanja.

"Mulekeni mwana. Kaudzuko ndinaika ndine. Masabata anayi ndakhala ndikukaika pamenepo, Lamulungu m'mawa n'kukachotsanso."

Amayi anakhala pansi, n'kufunsa kuti nanga ana adya chiyani tsopano.

Mpingo unawachotsa abambo pa ukulu, ku mgonero unawaimitsa, ndipo tinadya zitsa za nthochi mpaka mvula ina. Ndinawakwiyira zaka zambiri, pena chifukwa chakuba, pena chifukwa chobwereka pakamwa panga. Koma ndakula ndikuona atsogoleri ambiri akulapa, ndipo onse amalapa atagwidwa kale. Abambo palibe anawagwira. Akanatha kufa nacho chinsinsicho, ife tikukhuta.

M'mawa mwake mwa Lamulungu lija, abambo anakokolola chimanga chonse chotsala m'nyumba, n'kuchithira m'dengu. Ndinawalanda n'kusenza ndekha, poti nanenso ndinadya nawo. Kwa aNachisale abambo anagwada pabwalo n'kuodira katatu. Chitseko sichinatseguke. Iwo anabwerera, koma ine ndinatula dengu pakhonde n'kukhala pomwepo, ndikuingitsa akhwangwala, mpaka dzuwa lili pamutu. Ndipamene dzanja linatuluka n'kukokera dengu lija m'nyumba.