Lachinayi Lathu ndi Chitedze cha Agogo Anu

Sendererani kuno, ana inu, ndipo iwe wakumbuyoko usiye kutsina mnzako. Nkhani iyi ndinalonjeza kuti sindidzainena mwiniwake ali moyo. Pano anagona kalekale, ndiye pakamwa panga pamasuka.

Ndili ndi ana awiri okha, kwathu kwa Kawinga, tsiku lililonse linali ndi mwini wake. Lachiwiri a chipani ankatiitana kubwalo la sukulu kukayeserera magule, ndipo wosapita ankafunsidwa ngati ali ndi dziko lakelake. Lachitatu kumsika, khadi ya chipani titaimanga pansonga ya chitenje, poti popanda iyo pachipata sunkadutsa. Lachisanu mnzanga wapamtima, yemwe anali Msilamu, sankapezeka, ife Lamulungu kutchalitchi, masiku enawo munda ndi mtondo zinkagawana. Lachinayi lokha ndilo linalibe woliitana, ndipo amayi anga analitola nkukhala lawo.

M'mawa wa Lachinayi ankangoti, "Tiyeni kunkhuni." Tinkanyamuka ine, amayi, mnzanga uja ndi ana athu, ulendo wa kuphiri. Nkhuni tinkabwera nazodi, sindikunama ayi, koma kutola kwake kunkatha dzuwa lisanafike pamutu. Nthawi yotsalayo inali yathu. Kumtunda kunali dziwe pansi pa thanthwe losalala, ana ankatsetsereka pamenepo mpaka makabudula kubooka. Tinkawotcha chinangwa, dzinja tinkazula bowa, nyengo ya masuku tinkadya mpaka mimba kulira. Amayi anga, amene pakhomo ankaseka mobisa ngati kuseka n'kwamsonkho, kuphiriko ankavula mpango, nkumayimba, nkumatsanzira mayendedwe a mwamuna aliyense wa m'mudzi. Ine sabata yonse ndinkapirira poganiza za tsikulo.

Tsono agogo anu aamuna anali a ku Utale, kuchigwa, komwe chulu amachitcha phiri. Anabwera kwathu chikamwini atangochokera ku Joni, ali ndi jombo, jekete ndi wailesi, ndipo ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Sanali munthu woipa. Koma zobwera masana nkupeza chitseko chotseka sizinkawasangalatsa.

Tsiku lina anati, "Amake mwana, kodi nkhuni za kuphiri kwanuko zili ndi miyendo? Mumachita kuzithamangitsa?"

"Zili patali, abambo."

"Chabwino. Lachinayi ndipita nanu ndikazione. Ndikakapeza kuti ndi masewera, ulendo umenewu watha."

Ndinathamangira kwa amayi, iwo osatekeseka n'komwe. "Abwere," anatero. "Phiri si langa."

Inu a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi, ndiye mvetsetsani. Kale mkamwini sankayang'anana ndi amayi a mkazi wake. Sankadya iwo akuona, sankalankhulana nawo maso ndi maso, ndipo akakumana panjira mkamwini ankapatuka nkulowa patchire mpaka adutse. M'mudzi zinali zosavuta, njira n'zambiri. Kuphiri njira inali imodzi.

Lachinayi lija anatulukira atavala jombo ndi jekete, wailesi ili m'khwapa, ngati akupita kukaonekera kwa a boma. Anatsogola kuti asaone apongozi, chikhalirecho njira sankaidziwa. Pamphambano iliyonse ankaima chilili, nkhope kutsogolo, kudikira kuti wina awauze.

"Kumanzere, alamu!" ankakuwa mnzanga uja. "Iyayi, kumanzere kwinako! Kodi ku Joni manja amawasinthanitsa?"

Titafika, agogo anu anakhala kuseri kwa mwala. Ife tinayamba kutola nkhuni mwaulemu ngati tili pamaliro, popanda nyimbo, popanda kuseka. Nkhuni imodzi tinkaitembenuza kawiri katatu kuti nthawi ipite. Ndinayamba kuganiza kuti tapulumuka. Koma mwana wanga woyamba, amayi ako iwe amene ukusekawe, anathamangira kumwala kuja.

"Ababa, bwerani muone pomwe timatsetsereka! Ndipo apa ndi pomwe agogo amavinira akamatsanzira mmene inu mumayendera!"

Agogo anu anadzuka, nasasa fumbi kujekete. "Ndamva," anatero. "Amake mwana, lero n'lomaliza." Ananyamula wailesi nkuyamba kutsika okha.

Chimene sanadziwe n'chakuti amayi anali atatsikira kumtsinje, ndipo ankakwera njira yomweyo, mtolo uli pamutu. Anakumanira pamalo opapatiza, mbali iyi thanthwe, mbali inayo ziyangoyango. Agogo anu anachita zomwe mkamwini woleredwa bwino amachita. Sanayang'ane n'komwe, anangodziponya m'ziyangoyango muja, wailesi ndi zonse.

Unali mwezi wozizira titakolola, chitedze chitauma bwinobwino, ndipo ziyangoyango zonsezo zinali chitedze chokhachokha. Mwana wa ku Utale ankachidziwa chitedze, koma ulemu unathamanga kuposa maso.

Ife tinamva phokoso nkuthamangirako. Wailesi inali itatseguka yokha pogwa, ikuimba m'tchire. Amayi, m'malo modutsa, anaima pomwepo nkuyamba kukonza nkhata yawo pang'onopang'ono. Munthu uja kutuluka sakanatha, apongozi ali panjira. Kukanda sakanatha, apongozi angamve. Tinkangoona masamba akunjenjemera, ndi jombo imodzi itasuzumira kunja.

Kenaka amayi anatembenukira kumtengo wa msuku womwe unali pambali, nkuyamba kulankhula nawo.

"Iwe mtengo, ngati pafupi pano pali mwana wa eni ake, umuuze asakande. Atsikire kudziwe lakumunsi, avule, adzipake matope. Ine ndayang'ana kuthanthwe, sindikuona kanthu."

Sindinaonepo munthu wovala jombo akuthamanga chonchija.

Madzi a m'dziwe nyengo imeneyo amaluma mafupa, koma iwo analowa mpaka m'khosi. Ine ndinatsikirako kukawapaka matope kumsana, ndikudziluma milomo. Mnzanga uja ali kuseri kwa thanthwe sanawasiye.

"Alamu, mwazipeza nkhuni zija? Gwirani zolimba, zimathawa!"

Kuyabwa kutayamba kuchepa anatuluka, nakhala pamwala wofunda atafunda chitenje changa, thupi lonse matope ngati ng'ona. Ndinawapatsa chinangwa chootcha, anadya chonse. Pamalopo ukakhala umaona chigwa chonse, midzi, madimba, mpaka nyanja ya Chilwa ikung'anima kutali. Anayang'ana nthawi yaitali. Kumtunda ana anali atayambanso kutsetsereka, ndipo amayi analephera kudzigwira, anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola.

"Akusekawo ndani?" anandifunsa.

"Apongozi anu."

"Amaseka kodi?"

Pobwerera, amayi anaimanso pa msuku uja, mkamwini wawo ali poteropo atayang'ana kumbali.

"Iwe mtengo," anatero, "za kuphiri zimatsala kuphiri. Koma azimayi akamakhala pakhomo Lachinayi lonse opanda chochita, nkhani zimawatuluka zokha, mpaka zimakafika pakhonde la sitolo."

Agogo anu anakanda khosi pang'ono, nayang'ana mwala womwe unali pamapazi awo.

"Iwe mwala," anatero, "ukauze mtengowo kuti nkhuni pakhomo panga zimatha msanga. Anthu azibwera ndithu. Ndipo ufunseko ngati m'dziwe lakumunsi lija muli nsomba."

Basi, Lachinayi linatsala lathu. Sipanapite nthawi, telala uja anayamba kufunditsa makina ake Lachinayi lina ndi lina, nkumatitsatira patali ndi mbedza. Ankakhala kudziwe lakumunsi ndi ana aamuna, ife kumtunda, chinangwa tinkachita kuwatumizira. Iwo ndi amayi anakwera phiri limenelo zaka zambiri osaonana nkhope, koma msuku ndi mwala zija zinacheza nkhani zambiri, zina mpaka zoseketsa.

Amayi anakwerabe mpaka mawondo anawakana, ndipo ngakhale pamenepo Lachinayi ankatipirikitsa pakhomo, amvekere tikawabweretsere bwemba. Atamwalira, amene analira mokweza kuposa tonse anali mkamwini wawo. Mnzanga uja anasamukira ku Balaka, ankagulitsa mandasi pasiteshoni ya sitima, ndipo mpaka ukalamba akakumana ndi agogo anu ankangokanda mkono, iwo nkuwoloka msewu. Wailesi sinachirenso, inkalankhula ngati ili ndi chimfine. Mwana wapakamwa uja ndi uyu wakhala apayu, lero amati ana ake ndi olongolola. Agogo anu anauza anthu onse kuti zidzolo zija zinabwera ndi jekete, ndipo jeketeyo anaipereka kwa mng'ono wawo wa ku Utale, amene anaibweza sabata isanathe. Ine ndine ndatsala, phiri ndimangolionera pano pakhonde. Inu miyendo muli nayo, ndipo mawa ndi Lachinayi.