Ulusi Wofiira pa Kabokosi ka Machesi

Sukulu yake iti? Thoko, lemba momwe ndikunenera, usakonze. Mayi uja wa ku Lusaka, amene akusonkhanitsa nkhani za anthu ofufuza oimba atsopano, akufunsa kuti zanyimbo ndinaziphunzira kuti. Muuze kuti m'kalasi sindinapondemo, dzina langa ndimadinda ndi chala. Koma abwere pa msika wa Kapata adzafunse kuti gulu latsopano likatuluka, amayamba kulimva ndani. Lemba choncho, asaganize kuti ndikuchita manyazi.

Ntchito yolembedwa ndinaiyamba imvi zili kale m'mutu. Moyo wanga wonse ndinali wa khasu, ndiye ambuya ako aamuna atamwalira ndinabwera m'tauni muno kumakazinga vitumbuwa. Malo anga anali pafupi ndi kashopu ka aTembo, aja oika nyimbo m'mamemore kadi ndi m'mafulashi. Madalaivala a minibasi, a mathiraki opita ku boda ya Mwami, a njinga zonyamula anthu, onse ankadzera pamenepo. Sipika yawo inkandilirira m'khutu tsiku lonse, ndipo ine pakamwa sindisunga. Nyimbo ikaipa ndinkanena kuti iyi ifa Lachitatu lisanafike. Ikakoma ndinkati iyi isungeni, anthu aifuna. ATembo poyamba ankangoseka. Ataona kuti zimene ndanena zikuchitikadi, anandiitana nati ndisiye chiwaya, ndizisesa m'shopu ndi kumvera nyimbo zimene oimba osadziwika amabweretsa, poti iwo nthawi analibe. Kusesako kunali kongophimbira, kuti anzawo asawaseke kuti alemba nkhalamba kukhala khutu lawo.

Ntchito yake imayenda chonchi. Oimba athu kuno alibe wowatulutsa. Amajambula okha, ena pafoni m'chipinda atatseka zenera ndi bulangeti, ena kwa munthu wa kompyuta. Akabwera nayo nyimboyo, aTembo amaikopera pa kamemore kadi kakekake n'kundipatsa. Tikadito n'tating'ono ngati chikhadabo, choncho kalikonse ndimakaika m'kabokosi ka machesi. Poti kuwerenga sindidziwa, ndimamanga ulusi pakabokosipo: woyera za kutchalitchi, wakuda za pamaliro, wobiriwira zongovina. Wofiira sindimanga chisawawa. Wofiira ndi wa nyimbo imene ndingakanganirane ndi munthu.

Iliyonse ndimaimvera katatu. Koyamba m'mawa ndikusesa, sipika itatsitsidwa. Tsache likayamba lokha kutsatira ng'oma, ndiye kuti muli kanthu. Kachiwiri masana msika utadzaza, ndimawauza aTembo akweze, ine n'kukhala pabenchi kuyang'ana miyendo ya anthu. Nkhope sindiyang'ana, munthu amatha kuiumitsa dala. Koma mayi wa masamba akayamba kugwedeza chidendene uku akuwaza madzi pa repu wake, basi yadutsa. Kachitatu ndimaiika m'kafoni kanga ka mabatani aka, chifukwa anthu athu ambiri amamvera pa tifoni totere. Mawu akamira, ndimaibweza kwa mwini wake akakonze. Ena amakwiya. Wina anandiuza kuti ndine nkhalamba yosadziwa bezi. Ndinamuuza kuti bezi yakeyo akawaimbire amake.

Tsono m'chaka changa chachiwiri, dalaivala wina wa thiraki anasiya nyimbo zinayi zimene anatenga pafoni ya munthu ku boda ya Mwami. Dzina zinalibe, chithunzi zinalibe. Munali banjo, babatoni uja wa chingwe chimodzi wolira m'mimba, kang'oma, ndi mawu atatu okwera m'mwamba, osalala ngati a amai a kwaya. Ina inkanena za mkazi wodikira mwamuna amene thiraki yake yakhala masiku pa boda, ina inkalangiza mtsikana wokwatiwa kuti asaiwale njira ya kwawo. Tsache linandigwa m'manja. Ulusi wofiira ndinauzunguliza kawiri. ATembo anati n'zachimidzi, palibe angaziike m'minibasi. Miyezi iwiri ndinkangokangana ndi madalaivala, mmodzi mmodzi, kuti aonjezepo ngakhale imodzi kumapeto kwa fulashi.

Kenako kunabwera Mai Mwale. Amenewo ndi mphunzitsi wopuma, wa mabanja a kumishoni aja, magalasi ali pa kachingwe m'khosi. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, ndiye ankakonza kicheni pate. Wa ku Lusakayo akudziwa, koma lemba ndithu: kicheni pate ndi ya akazi okhaokha. Mkwatibwi amalowa atafundidwa chitenje, alangizi amamuuza za m'nyumba zimene mwamuna sayenera kumva. Ngakhale mkwati amangobwera kudzamuvundukula n'kutuluka. Mai Mwale sankafuna amai a ng'oma aja amene akalawa kachakumwa nyimbo zimasanduka zotukwana, komanso za pamakina sankazifuna. Ankafuna gulu la akazi loimba pamaso, nyimbo zaulemu.

Ndinamasula kabokosi ka ulusi wofiira. Anamvera nyimbo ya mtsikana wokwatiwa ija mpaka kumapeto, anavula magalasi n'kupukuta m'maso, nati, "Amai awa ndi amene ndikuwafuna." Lemba bwino pamenepo, Thoko. Ananena okha kuti amai, ndi sukulu yawo yonseyo.

ATembo anandikokera pambali. Anati ineyo anthu amenewa sindinawaonepo, ndipo ndikachititsa manyazi shopu yawo kwa banja ngati limeneli, ndibwerera ku chiwaya. Ndinati ndamva. Nambala ndinaipeza kwa dalaivala wa thiraki uja. Anayankha ndi mzimayi, Amake Esinati. Ndinafunsa ngati ndi iwo a nyimbo ya pa boda, anati inde ndife, Loweruka tidzafika. Sindinafunsenso china. Kulakwa kwanga kunali pomwepo, ndipo sindikubisa.

Loweruka masana ndinali pa geti la Mai Mwale, nyumba ya mpanda wa mabuloko. ATembo anali atabweretsa masipika ndi maikolofoni kuti alumikize n'kuchoka. M'kati amai anali atadzaza kale pamphasa ndi pamipando, mphatso zitaunjikidwa, mkwatibwi akudikira m'chipinda. Minibasi inaima, anatsika Amake Esinati. Pambuyo pawo panatsika amuna atatu. Wamkuluyo ndevu mpaka pachifuwa, babatoni ali paphewa, onse manja akuda bii, poti ntchito yawo ndi yomata matayala a mathiraki pa boda. Ndinafunsa kuti oimba ali kuti. Amake Esinati analoza ndi mlomo: amuna awo aYobe ndi ang'ono awo awiri. Amake Esinatiwo ndi osunga foni chabe.

Ndinawauza aYobe kuti aimbe mzere umodzi pomwepo. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu aja amene ndinkawamvera miyezi iwiri anatuluka m'kati mwa ndevu. Usaseke iwe.

Mai Mwale anatuluka, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za matayala, nati, "Ambuya, mwandibweretsera ndevu pa kicheni pate ya mwana wanga?"

ATembo sanadikire n'komwe. Anapepesa kawiri katatu, nati ali ndi fulashi ya nyimbo za ku Lusaka m'thumba, aika pompano. Kenako anatembenukira kwa ine, pamaso pa anthu, nati, "Lolemba musabwere."

Ntchito inali itatha pamenepo. Ndikanatha kunyamula chikwama changa n'kumapita. Koma ndinaganiza kuti ndikachoka chonchi, msika wonse udzati khutu la nkhalamba ija linanama, ndipo khutu langa silinaname. Ndinaima pakati pa geti, aTembo ndi fulashi yawo analibe podutsa. Ndinawauza Mai Mwale kuti kulakwa n'kwanga, ndavomera, koma andiyankhe chimodzi.

"M'shopu muja munalira ndi nyimbo iyi. Ndevu munazimva?"

Ndinati mwambo umaletsa mwamuna kuona ndi kumva malangizo, koma sindinamvepo kuti umaletsa mawu ake kulumpha mpanda. Akhale kunja kumsewu, waya wa maikolofoni udutse pamwamba, masipika akhale m'kati. Mai Mwale anaitana mlangizi wamkulu, mayi wachikulire kuposa ine. Iyeyo anaganiza pang'ono nati zingatheke, koma amunawo afulatire mpanda, ndipo alangizi akayamba kulankhula achoke apite kutali. Mai Mwale anati nyimbo imodzi yokha, mayi wina akadandaula zatha.

Ndiye amene anakana tsopano ndi aYobe. Anati sanatseke ntchito ku Mwami kudzaimbira fumbi la mumsewu ngati opempha. Ang'ono awo anali atanyamula kale kang'oma. Ndinawagwira dzanja lakudalo.

"Achimwene, ine ndakumverani miyezi iwiri muli m'kabokosi ka machesi. Mpanda wokha ukuvuteni?"

Amake Esinati anawonjezera zawo zimene sindingakuuze kuti ulembe, ndipo amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango, misana ku mpanda.

Vuto linali loti oimba saona zimene zikuchitika m'kati, ndipo kicheni pate imayenda ndi mapazi a mkwatibwi. Ndinavundikira mtondo m'mbali mwa mpanda, m'kati, n'kukwerapo, mutu wanga n'kutulukira pamwamba. Ndinabwereka mthiko watsopano pa mulu wa mphatso. Tinapangana ndi Amake Esinati, amene anaima patsogolo pa amuna awo akuyang'ana ine: mthiko m'mwamba, yambani, ndikaugoneka, pang'onopang'ono, ndikagogoda mpanda, lekani, ndikaloza kutsidya kwa msewu, thawani mukakhale pa golosale.

Mkwatibwi atatuluka ndi chitenje kumutu, ndinakweza mthiko. Babatoni anayamba, mawu aja anakwera. Ine sindinayang'ane nkhope, ndinayang'ana miyendo. Mzere woyamba unali wa amai a kutchalitchi, mapazi ataundana ngati ali pamaliro. Kenako ndinaona chidendene chimodzi chikunyamuka, cha mlangizi wamkulu yemwe uja. Nyimbo isanathe, azakhali a mkwatibwi anali atamanga chitenje m'chiuno. Za nyimbo imodzi yokha zija palibe anazitchulanso.

Pa mtondo ndinakhalapo mpaka dzuwa kupendeka, mawondo anga omwewa. Alangizi analankhula kanayi, ndipo kanayi konse amuna atatu andevu anawoloka msewu ndi babatoni paphewa n'kukaima pa golosale ngati ana othamangitsidwa m'kalasi. Ulendo wina mlangizi anayamba mwadzidzidzi, ndinagogoda mpanda mpaka mthiko wa mwana wa eni unang'ambika. Koma palibe mawu amodzi a malangizo amene anafika m'khutu la mwamuna, ndipo zimenezo ndimanyadira nazo kuposa kuvina kuja. Kunjako nakonso anthu anali ataunjikana, a njinga, amai ochokera kuchigayo, mpaka minibasi ina inaima anthu osatsika. AYobe amene ankakana fumbi anapezeka akuimbira mbali ziwiri.

Mai Mwale sanandithokoze, mpaka lero. Anangotumiza mbale zinayi za mpunga ndi nkhuku kudutsa pamwamba pa mpanda, n'kundiuza kuti mthiko ndibweze wina. Ndinabweza.

Lolemba ndinapita. Inde, anati ndisabwere, koma shopu ili pamsika, ndipo msika si wa aTembo. Ndinakhala pabenchi panga. Tisanamalize n'kupatsana moni, panali patafika madalaivala ndi amai atatu a ku kicheni pate kuja, kufuna nyimbo za amuna a kuseri kwa mpanda. ATembo anafufuza m'kompyuta, osazipeza, chifukwa anali atazifufuta kalekale poti n'zachimidzi. Kadi inali m'chikwama changa. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumsewu. Mapeto ake analowa m'kati, anatenga tsache n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinayamba ndasesa shopu yonse bwinobwino, osafulumira, anthu akudikira, kenako ndi pamene ndinatulutsa kabokosi.

AYobe ndi ang'ono awo akumatabe matayala, koma Loweruka sawapeza pa boda, amakhala ku maukwati mpaka ku Katete. Atafuna dzina la gulu anadzitcha Ulusi Wofiira, osandipempha n'komwe.

Chimene ndinatolapo n'chakuti sinditchulanso gulu kwa munthu ndisanapite ndi mapazi anga kukaliona, kaya ndi kutali bwanji. Ndimakwera minibasi, ndimakhala pa mphasa yawo, ndimawerenga mitu ndi ndevu zomwe. Koma zopepesa chifukwa cha khutu langa, ayi. Linandiuza kuti nyimbo ndi yabwino, ndipo inali yabwino. Za akazi kapena amuna ndinalifunsa ntchito imene si yake.

Umuuzenso mayi wa ku Lusakayo kuti asamangofunsa zakale. Muno m'chikwama muli kabokosi kena ka ulusi wofiira, atsikana awiri apachibale a kufupi ndi Feni, wina kalimba wina botolo ndi msomali. Ndinapita, ndinawaona, ndi atsikanadi. ATembo akuti n'zachimidzi. Akafuna kuwamva abwere yekha, benchi ilipo.

Walemba zonse? Usandiwerengere, ndikudziwa zimene ndanena. Tumiza pompano foni isanathe moto.