Tsiku Limene Amayi Anakwecha Mota

Ndikukumbukira bwino m'mawa umene tinafukula mota ya ababa. Tinali titangobwerera kwathu ku Chiuta kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo ine ndili kumsana. Nyumba tinaipeza itasanduka chulu, munda utabwerera kutchire, koma mtengo wa mango unalipo. Ababa anauzungulira, n'kuyamba kukumba. Ine ndinkayesa tikufukula maliro. Chimene chinatuluka m'dzenjemo chinali njinga yamoto yokulungidwa m'lona, yonunkha mafuta akuda amene anaipaka asanathawe. Ndinangoti kukamwa yasa. Zaka zonse zija ababa akamati ali ndi mota tinkangoseka, poti kumsasa wa othawa nkhondo aliyense ankati kwawo anasiya ng'ombe.

Mota imeneyo ndiyo inali chuma chokha chimene nkhondo inatisiyira, ndipo makolo anga anali atapangana kale ntchito yake. Inkayenera kutenga nsomba kunyanja m'mamawa, n'kukafika nazo pamsika wa Mecanhelas zikadali zaziwisi, anthu a njinga zakapalasa akutuluka thukuta m'njira. Chakudya chathu chinali pamenepo.

Makaniko wina wa ku Mecanhelas anaidzutsa injini. Zivundikiro zake zinali za chitsulo cha mapoto chija chosachita dzimbiri, ndiye amayi atazikwecha ndi mchenga ndi phulusa zinawala bwinobwino. Amayi ankadziwika ndi kukwecha. Ngakhale kumsasa kuja, mapoto athu akayanikidwa pathandala ankathobwa m'maso. Vuto linali madigadi yotchinga matope pamateyala, chiwongolero ndi paipi ya utsi, zimene dzimbiri linali litazidya. Makaniko anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kupala dzimbirilo, kupukuta chitsulo mpaka chisalale, n'kumachipaka mafuta nthawi zonse. Yachiwiri, kuzitumiza ku Limbe kuti akaziviike mu kolomado, kachikopa kopyapyala kachitsulo kowala ngati galasi.

“Bambo a Roza, nsomba sizidziyang'anira pagalasi,” anatero amayi. “Tingopukuta.”

“Mayi a Roza, mwaiwala mmene inkawalira tsiku limene ndinadzakutengani kwanu?” anayankha ababa.

Ababa anagulitsa mbuzi zathu ziwiri zimene tinachoka nazo ku Malawi, n'kukweza zitsulozo sitima pa Entre Lagos.

Zitabwera, mudzi wonse unasonkhana. Sindidzaiwala pamene ndinawerama pa madigadi yakutsogolo n'kuona msungwana wa mphuno yaikulu, mano awiri atagweluka, akundiyang'ana. Ndinalumphira kumbuyo, anthu n'kufa nalo phwete. Kwathu kunalibe galasi, ndipo kuyambira tsikulo ndinakhala kumbali ya ababa ndi mtima wonse. Ndinkapita ku sikola nditadziona kaye, ndipo anzanga ankandinyengerera ndi nzimbe kuti nawonso adzione.

Koma mota sinapite kunyanja. Ababa anati madzi a nsomba ndi mchere zingawononge kolomado, ndiye tidikire apeze bokosi labwino. Bokosi litapezeka, anati msewu uli ndi matope. Mota inkagona m'nyumba pamphasa, yofunda chitenje cha amayi, ife tikugona pamasaka. Inkatuluka Lamlungu lokha kupita kutchalitchi, ndipo ikabwera ababa ankaipukuta ndi kansalu kofewa kamene wina aliyense sankaloledwa kukakhudza. Dzinja linafika, ufa n'kutha. Tinkadya mango osapsa owiritsa ndi chigwada chopanda mchere. Mng'ono wanga Zakaliya anayamba kufiira tsitsi, ndipo nanenso m'galasi langa lija ndinkaona masaya akulowa.

Tsiku lina ababa anapita kumaliro ku Amaramba wapansi, poopa kuidetsa mota. Atangopota pangodya, amayi anaikankhira pabwalo, n'kundituma mchenga wa kudambo, waukulu maso uja. Ndinkaganiza kuti ndi wa mapoto. Anamanga chitenje m'chiuno, ananyowetsa chikonyo cha chimanga, anachiviika mumchenga ndi phulusa, n'kuchiika pa madigadi.

Phokoso lake ndimalimvabe m'mano mpaka lero. Ndinaima chilili, ndikuona nkhope yanga ikudukaduka m'mizere kenako n'kuzimirira mu utuwa. Amayi ankaimba nyimbo yawo ya potsuka ziwiya. Anamaliza madigadi, anapita pa chiwongolero, anagwada pa paipi ya utsi. M'mphepete kachikopa kaja kanayamba kusupuka, pansi pake pakuoneka chitsulo chakale chija ndi zipsera zake.

“Amayi, nkhope yanga yapita,” ndinatero.

“Ili pomwepo pamutu pako. Bweretsa madzi.”

Ababa anafika dzuwa litapendeka. Amayi anawalandira ndodo, anagwada ndi chikho cha madzi, n'kunena mofatsa kuti, “Ndakutsukirani mota yanu, inachita fumbi.” Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, ndikudikira mabingu. Ababa anayandikira, anayendetsa chala pa madigadi, anayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako anayang'ana Zakaliya amene ankabudula khungu la mango pakhonde. Anakhala pansi padothi ndi zovala zawo za kumaliro. Munthu amene sanagwetse msozi titapeza nyumba yathu ili chulu analira pamaso pa ana ake, mapewa akugwedezeka. Mantha amene ndinachita tsiku limenelo anaposa a mfuti zonse zimene ndinkangozimva m'nkhani.

Nkhani inawanda mpaka kudooko. Azimayi kumjigo ankaseka kuti mayi a Roza ukhondo wawapweteketsa, sasiyanitsa mota ndi poto. Mwana akatsuka mbale mopitirira ankamuuza kuti asakweche mota. Amayi ankaseka nawo, n'kumati kusadziwa ndi kufa komwe. Ine ndinawakwiyira kwa nthawi yaitali, ndipo ndinkachita nawo manyazi.

Panapita masiku angapo. Kenako m'bandakucha wina ndinadzidzimuka ndi kulira kwa injini. Masana ababa anabwera ndi thumba la ufa kumbuyo, mota yonse ili mamba okhaokha, ntchentche zikuitsatira. Madzulo amayi anaikwecha, ababa n'kuipaka mafuta, ndipo zinakhala choncho tsiku lililonse. Inkawala mwakachetechete ngati mapoto athu. Zakaliya tsitsi linada, ndipo ine mota yonunkha nsomba ija inandiphunzitsa mpaka ku Cuamba.

Masiku ano mota zili ponseponse, anyamata akunyamula anthu kuchokera ku Chiuta kukafika ku Mecanhelas dzuwa lisanatenthe. Zimabwera zowala kale kuchokera kusitolo, mvula ikagwa kawiri kuwalako n'kuyamba matuza, ndipo palibe amene amaima kuti adzionepo chifukwa aliyense ali ndi nkhope yake mufoni. Mwana wanga wamwamuna atagula yake chaka chathachi, ndinapita kukawauza amayi, amene tsopano akukhala okha chimwalirire ababa. Ndinawapeza akutsuka mbale yawo yakale yamaluwa, ndiye ndinawaseka kuti mdzukulu wawo azibisa mota agogo akakhala pafupi ndi mchenga.

Amayi anakweza mbale ija. Ankaitsuka ndi kansalu ndi sopo.

“Roza, mbale iyi ndinalowa nayo m'banja, ndinathawa nayo, ndinabwerera nayo. Unandionapo ndikuikwecha ndi mchenga?”

Ndinaiyang'ana. Maluwa ake onse analipo, opanda ndi mzere umodzi womwe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mota ija anaikwecha dala.

“Ndiye ababa anamwalira osadziwa?” ndinafunsa.

Amayi anavundikira mbale pathandala, n'kupukuta manja pachitenje.

“Iwe ukuganiza kuti ankalirira chitsulo?”