Mphoto ya Anambewe

Ayi, sindinamve ngakhale liwu limodzi, iwe Tadala. Chisipanishi ndichimvere kuti ine? Koma ng'oma ija ndinaimva. Usandifunsenso, lemba kuti agogo ako anavina.

Inu owerenga, Loweruka lapitali mvula ya muno mu Glasgow inanditsekera m'nyumba. Bondo nalo linali likuchita mwano, masitepe a kuno ku Dennistoun osawayesa n'komwe. Mwana wanga Yohane, bambo ake a Tadalayu, anali ku shifiti kuchipatala. Ndiye masana mdzukulu wangayu anayatsa tivi, akuti tionere oimba a ku Mexico, Colombia, uko konseko, akulandira mphoto za mavidiyo a nyimbo zawo.

Mayo ine! Magetsi ofiira, obiriwira, utsi kutuluka pansi ngati akuwotcha makala. Atsikana kudula chiuno ngati alibe mafupa. Kenako kunatulukira anyamata a magitala, tsitsi mpaka kumsana, mathalauza ong'ambika m'maondo.

Ndinati, "Awa alibe owasokera?"

Tadala akuti, "Ndi fashoni, agogo." Anatero m'Chizungu chake chomeza mawu chija.

Koma atayamba kuimba, abale inu! Ndinangozindikira ndaimirira, chitenje chili m'chiuno, nthungululu ili pakamwa. Mzungu wa pansi pathu mpaka anagogoda denga ndi tsache. Bondo lija? Linaiwala kuti likudwala.

Ndiye anyamata a tsitsi aja anapambana. Wamkulu wawo ananyamula kachitsulo konyezimira, n'kuyamba kulira, chimunthu chandevu. Tadala amandiwerengera mawu a pansi pa tivi. Anayamika Mulungu, anayamika amayi ake. Kenako analoza m'chigulu cha anthu muja, n'kuitana kagogo kena kakafupi, ka magalasi. Si mbale wake ayi. Akuti ali ana, anthu onse ankawathamangitsa chifukwa cha phokoso, koma mayi ameneyu ankawatsegulira kuseri kwa nyumba yake kuti aziimbirako. Mnyamata uja anagwada, n'kuwapatsira mphoto ija m'manja. Holo yonse inaimirira.

Ine nthungululu ndinaisiya, n'kukhala pansi.

Ife a Malawi kuyamika timatha, koma timadikira bokosi. Pamaliro m'pamene wina amaimirira ndi pepala: "Malemuwa anali munthu wabwino, wa mtima wa golide." Akumva ndani? Nkhata zamaluwa timaunjika pamanda, mwini wake ali moyo sitinamupatseko ngakhale zikomo wa pagulu. Amati kuyamika munthu pamaso n'kumukuza mtima. Bodza! Kagogo kaja ndinakaona ine, sikanakule mtima, kanangoseka mano onse panja.

Sindikunena ena. Ndikudzinena ndekha.

Yohane atabadwa kwathu ku Dedza ndinadwala, mkaka n'kuuma. Mwana ankalira mpaka mawu kutha. Anambewe, oyandikana nawo nyumba, osati achibale, anali ndi khanda lawo. Anangobwera n'kumunyamula. Bere ili lawo, bere ili wanga, dzinja lonse. Nesi amene akusamala azungu lero uja anakulira pachifuwa cha Anambewe.

Iwe Tadala, watsegula pakamwa bwanji? Eya, sunadziwe. Ngakhale bambo ako sadziwa. Ndinkachita manyazi. Mkazi wouma mabere ankamunena kuchitsime, ndiye ndinakhala chete, nawonso Anambewe sanaulule. Zaka zonsezi ndimangoti ndidzanena, ndidzanena. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Sabata yathayi akumudzi anandiimbira foni kuti Anambewe agona, akungomwa phala, nalonso masipuni awiri. Koma makutu akumva. Ndipo mdzukulu wawo amawawerengera zonena zangazi pafoni sabata iliyonse, akuti amaseka mpaka kutsokomola.

Ndiye lero siteji ndi ino. Tadala, lemba zilembo zazikulu zoti ndi wakhungu yemwe aone.

MPHOTO YA CHAKA CHINO, NDI ZAKA ZONSE ZIMENE NDINAKHALA CHETE, IKUPITA KWA ANAMBEWE A KU DEDZA.

Anambewe, mzanga, ndagwada pano, bondo lifune lisafune. Kachitsulo konyezimira ndilibe. Koma Glasgow yense amve, Dedza yense amve: mwana uja munamusunga ndinu. Amayi a Mvano kuno ndi kumudzi, ndithandizeni nthungululu! Iwe wowerengera agogo ako, kweza mawu, ubwereze kawiri!

Nanga inu owerenga, wanu ndani? Mukudikira kuti mukamuyamike atagona chagada, thonje lili m'mphuno?

Ukuti chiyani, Tadala? Tiyambe tawauza bambo ako? Akawerengera pabasi pochokera kuntchito, alire yekha, ndi wamkulu. Usakonze kalikonse. Dina pamenepo, tumiza pompano, makutu a Anambewe akadali kumva.