Ulere wa Alamu a Mayi Enifa

Mayi Enifa Makaiko anabadwira ku Naisi, ndipo singano anaidziwa asanadziwe kulemba dzina lawo. Atakwatiwa ndi a Horace, mphunzitsi wa ku Domasi, anatsegula kashopu m'mbali mwa msewu n'kumasoka mayunifolomu. Kenako banjali linagula makina opeta mabaji a sukulu, oyendera pulogalamu ya pakompyuta. A Horace anamwalira makinawo akadali atsopano.

Pulogalamuyo inali ndi makani ake: lero ipeta bwinobwino, mawa ikana ngakhale kutseguka. Woikonza anali a Rodney, mng'ono wa malemuwo, wogwira ntchito muofesi ku Malosa. Ankakonza ulere, inde, koma ulere wake unali wowawa. Akafika ankadziponya pampando wa a Horace, n'kutambasula miyendo, n'kuyamba kufunsa kuti waoda ndani ndipo waoda chiyani. Posakhalitsa makasitomala anayamba kuimbira iwowo, ena mpaka kumati "shopu ya a Rodney" mwiniwake ali pomwepo. Mayi Enifa zinkawawawa kwambiri, koma akanatani? Makina akaima, ntchito yonse yaima.

Tsiku lina kampani yomwe inawagulitsa makinawo inaimba foni kuchokera ku Blantyre. Inati akamalipira mwezi ndi mwezi, pulogalamu ikavuta azingoimba, akatswiri aziikonza ali komweko. Kwa mayi wamasiye sizinali zopepuka. Anaitembenuza nkhaniyo m'mutu akupalira mpunga kumunda, n'kuona kuti chomwe akugula si kukonzeredwa kompyuta kokha ayi. Akugula shopu yawo yomwe, isanawapulumuke m'manja iwo akuona.

A Rodney atamva anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, mukataye ndalama ku Blantyre ine ndilipo? Kashopu ngati aka sikafuna zimenezo. Ine ndakana."

"Mwakana ngati ndani?" anafunsa mayi Enifa.

"Makinawa anagula ndi achimwene anga."

"Tinagula awiri, alamu, ndipo zala zomwe zinasoka usana ndi usiku ndi izi. Sindikukupemphani chilolezo, ndikukudziwitsani. Ndavomera kale."

Kuseka kunathera pomwepo. A Rodney anaimirira, nkhope ili gwa.

"Chabwino. Zikadzavuta musadzandiitane."

"Ndidzakuitanani ndithu. Mwana wanga Linda akamadzakwatiwa, inu ndinu bambo ake aang'ono, mudzakhala kutsogolo. Koma za m'shopu muno, ayi. Mwathandiza, zikomo, pakwana."

Pulogalamuyo sinasiye makani, ndipo a ku Blantyre nawo nthawi zina amachedwa kuyankha mpaka mayiwo kuwazazira pafoni. Koma akatha kukonza amatsazika, safunsa kuti waoda ndani.

Kwawo kwa malemu a Horace amati mayi Enifa ndi odzimva, osayamika. A Rodney akakumana nawo pa siteji ya minibasi amayang'ana kuphiri. Zimawapweteka mayiwo, sabisa, poti ndi anthu omwe analira nawo maliro amodzi. Komabe amawapatsa moni mokweza, mwadala, n'kupitirira kukatsegula shopu yawo.