Ndinadyetsa Mwana Wanga Nyama Imene Galu Analetsedwa

Nkhani iyi ngakhale amayi anga ondibereka sakuidziwa. Ine, munthu amene ndinapita ku sukulu ya uphunzitsi n'kubwerako ndi setifiketi, ndinadyetsa mwana wanga chakudya cha galu. Chomvetsa chisoni, chinali chakudya chimene ngakhale galuyo mwiniwake anali ataletsedwa kudya. Inu owerenga, musanandiweruze tamvani kaye mmene zinayendera.

Chinali chaka chija mvula inakana, cha njala yaikulu. Tinkakhala ku Balaka, kuseri kwa nyumba ya mzungu wina wogula thonje, kumene amuna anga ankagwira ntchito ya ukhukhi. Ine ndinkaphunzitsa pa kasukulu ka m'mudzi, koma ana anatha mmodzimmodzi kutsata makolo awo kukakumba mizu, mpaka ndinasiya kupitako. Phoso la amuna anga linadulidwa pakati, ndipo lomwelo tinkagawana ndi achibale ochokera ku Utale. Mkaka wanga unauma. Mwana wathu Lusiya anali ndi chaka ndi theka, atayamba kuyenda ndi kuitana abambo ake, koma phala la gaga linkangomudutsa. Tsitsi lake linayamba kufiira ine ndikuona.

Mzunguyo anali ndi chigalu chimene antchito ankachitcha Achimwene a Bwana, chifukwa chinkagona pa bulangete n'kumadya nyama ya m'zitini yobwera pa sitima. Galuyu atayamba kusosoka ubweya ndi kutsegula m'mimba, kunabwera dokotala wa ziweto. Analamula kuti zitinizo asiye kumupatsa, azimuphikira mpunga ndi nkhuku, komanso azimupatsa chakudya china chapadera chimene dokotalayo anachita kulemba papepala. Zitini zotsalazo bwana anati zikakwiriridwe.

Amuna anga sanakwirire. Anabwera nazo zisanu ndi chimodzi atazikulunga m'thumba, ndipo sanandibisire kanthu. Anandiuza kuti adokotala aletsa. Kenako anati, "Amake Lusiya, inu ndinu odziwa Chingerezi. Tawerengani mutiuze."

Ndinawerenga. Panalembedwa kuti muli nyama, chiwindi ndi zina zolimbitsa thupi. Sipanalembedwe kuti nyama ya chiyani, ndipo ine sindinadzifunse. Ku sukulu anatiphunzitsa kuti mwana wofiira tsitsi amafuna nyama, ndipo nyama inali m'manja mwangamu. Ndinadziuza kuti agalu a azungu ndi osasatitsa, amadwala ndi mphepo yomwe. Ndinadziuzanso kuti chinthu chotsekedwa bwino chonchi, chokhala ndi zilembo zosindikiza, sichingakhale choipa. Zitini ziwiri zinali zofufuma pamwamba. Ndinaziona, koma ndinaganiza kuti zangodzaza kwambiri.

Pafupi nafe pankakhala Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene ankagulitsa nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta nthawi ya mtendere. Nawonso ana awo anali ataonda, choncho ndinawatengera chitini chimodzi mobisa. Anachitembenuza m'manja n'kundifunsa kuti nyamayi anazinga ndani. Ndinati sindikudziwa.

"Nanga inafa bwanji, aphunzitsi?"

Ndinaseka. Ndinawauza kuti njala ilibe shehe. Iwo anandibwezera chitini chija n'kunena kuti, "Iyayi, anzanga. Nyama yosaiona nkhope ine ayi." Ndinabwerera kunyumba ndikuwamvera chisoni kuti malamulo a chipembedzo chawo awaphetsa ana.

Masiku atatu oyamba Lusiya anadya mokondwa, mpaka kunyambita zala. Ine ndi abambo ake sitinalaweko n'komwe, tinkasungira iye. Tsiku lachinayi ndinatsegula chimodzi mwa zofufuma zija. Chinatulutsa mpweya, fungo lake linali lachilendo, koma ndinangotenthetsa pang'ono n'kusakaniza ndi phala. Dzuwa lisanapendeke mwana anayamba kusanza. Kenako m'mimba munatseguka ngati madzi. Pofika m'mawa maso anali atalowa m'kati, kulira osamveka, khosi likungogwa.

Ndinamubereka n'kuyenda wapansi kupita ku chipatala cha mishoni, dzuwa likuswa mtengo, ndikumugwedeza kumbuyoku kuti ndimve ngati akupuma. Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa uku ndi kumene kumandidya kuposa koyamba. Asisitere a pachipatalapo ankandidziwa ngati mphunzitsi. Atandifunsa chimene mwana wadya, pamaso pa amayi ena amene ana awo ndinkawaphunzitsa, ndinachita manyazi. Ndinati phala la gaga basi. Anamuika pamodzi ndi ana ena anjala n'kumamupatsa phala la mkaka, iye n'kumabweza lonse. Tsiku lathunthu linatha ine ndili chete pambali pake, ndikuteteza dzina langa.

Mawa lake mwana anayamba kugwedezeka thupi lonse. Ndinagwada pakhonde n'kugwira mkanjo wa asisitere, ndipo ndinaulula zonse anthu akumva. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Dzulo lija munalekeranji kunena?" Anamuchotsa pakati pa anzake n'kusintha chithandizo, ndipo anakhala naye okha mpaka kusanza kunaleka.

Ndili komweko, amuna anga anakumana ndi bambo wina amene amayenda ndi dokotala wa ziweto uja pothandiza kubaya ng'ombe. Bamboyo anawafotokozera kuti zitini zotchipa ngati zimenezo amathiramo zimene anthu akana: mapapo, ziboda, mafupa opera, nthawi zina nyama ya ziweto zofa zokha. Amati pokhala ndi za galu palibe adzafunse. Anatinso chitini chikafufuma ndiye kuti zam'kati zaola, ngakhale fisi osamupatsa. Chakudya chimene dokotala analembera galu uja chinali chosankhidwa bwino, chodziwika chilichonse chimene chalowamo. Galuyo anachira, ubweya unameranso.

Lusiya sanafe, ndipo ndimathokoza Mulungu. Koma mwana amene ndinabwera naye kunyumba si yemwe uja. Kuyenda anaiwala, anachita kuyambanso kukwawa. Tsopano ali ndi zaka zinayi koma mukamuona mungati ziwiri. M'mimba mwake simukhazikika mwezi wathunthu. Asisitere amati mwina ndi njala ija, mwina ndi chitini chija, mwina ndi tsiku limene linatayika lija, sangathe kusiyanitsa. Ine ndimasiyanitsa ndekha tsiku ndi tsiku, ndipo yankho limene ndimapeza silindipatsa mtendere. Akangotsokomola ndimasiya choko m'kalasi n'kuthamangira kunyumba.

Amayi anzanga, makamaka inu amene munapitako kusukulu ngati ine, zilembo za pachitini analemba ndi wogulitsa, ndipo amalemba zimene akufuna kuti muwerenge. Chimene simukudziwa kumene chachokera musachiike m'kamwa mwa mwana, ngakhale njala itafika potani. Chakudya chopangira ziweto chisiyireni ziweto. Chitini chofufuma kwirirani mozama, poti mwana sangafukule. Ndipo ngati mwalakwa kale, mukafika kuchipatala nenani pakhomo pomwe, anthu aseke ngati akufuna. Manyazi anga anali a tsiku limodzi, koma amene akuwalipira ndi mwana amene sanasankhe chilichonse.

Pamene ndikulemba pano wagona pamphasa pafupi ndi phazi langa. M'mimba mwayambanso dzulo masana. Mawa ndimubereka tipitenso, ndipo inu amene mwawerenga mpaka apa, mukamapemphera mumutchuleko dzina.